Chibwibwi cha Kompyuta ya Gordon

Pa boma la Chama panalibe amene anagonjetsapo Gordon pa gemu ya mpira. Anali mphunzitsi wochokera ku Kitwe, ndipo ntchito itamuponya kuchigwa cha Chamako anabwera ndi kompyuta ya patebulo yokalamba ngati njinga ya kumidzi ya ku Kambombo. Loweruka lililonse anamwino ndi makalaliki ankadzaza pabalaza pake, n'kumatuluka nkhope zili pansi.

Kompyutayo inali ndi chibwibwi. Wosewera akafika pagolo, chithunzi chinkayamba chauma kaye. Alendo ankangoti kakasi, koma zala za Gordon zinazolowera kumenya mpira chithunzi chili chiumire, ndipo pomadzasuntha chigoli chinkakhala chitalowa kale. Mwiniwake sankadziwa zimenezi. Ankati ndi luso lobadwa nalo, ndipo ankalilalikira mpaka anthu kutopa.

Tsiku lina Meshack, namwino wobwera kumene kuchokera ku Chipata, atagonja ananena poyera kuti makinawo ndi odwala. Mawuwo anamubaya Gordon, pakuti ulemu wake wonse pa Chama unali womwewo. Anawerenga pafoni kuti kasanjidwe katsopano ka mafayilo pa diski kamathamangitsa magemu, ndipo analumbira kuti amutseka pakamwa mnyamatayo. Mkazi wake Tamala, pomuona akuimba mluzu uku akufufuta diski yonse, anangoti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kaya kasanjidwe katsopanoko kanathandiza, palibe akudziwa. Chodziwika n'choti mavayirasi onse ochokera m'mafulashi a aphunzitsi anzake anafera momwemo, chibwibwi n'kutheratu.

Loweruka Gordon anaitana aliyense, mpaka mipando anabwereka kwa aneba. Gemu inayenda myaa. Akafika pagolo, zala zake zinkadikira chithunzi kuti chiume, mpira n'kulandidwa akudikirabe. Meshack anagoletsa mpaka anthu anasiya kuwerenga, ena anayamba kuyang'ana kudenga pomumvera chisoni mwini nyumba.

"Ba Gordon, manje makina yapola," anatero Meshack mwaulemu wa kuchipatala. "Odwala ni ndani?"

Lolemba m'chipinda cha aphunzitsi, Gordon anayenda tebulo ndi tebulo kupempha fulashi. Beatrice, wophunzitsa masamu, anamukaniza mokoma mtima.

"Yanga ili na mavayirasi maningi, izakuonongelani kompyuta."

Gordon anayang'ana kukhomo, n'kutsitsa mawu.

"Ndiye yamene nifuna."