Mwera Unadya Mawu a Ukwati

"Kweza voliyumu, mtsikana iwe!" anakuwa a Sadick, bambo a mkwatibwi, akuloza kanema ndi ndodo.

Tione, wojambula kanemayo, anayang'ana sipika. Voliyumu inali kale pamapeto. Ukwati wa ku Ngala umenewu inali ntchito yake yoyamba kujambula yekha, koma mwera wa tsiku lija unali utadya mawu onse. Pakanema ashehe ankangotsegula pakamwa ngati chambo, musipika mukungomveka fuuu! Anaizimitsa sipikayo.

Abwana ake, a Fidelis, eni kamera a ku Dwangwa, anali atamuuza mosapsatira m'mawa: "Eni ukwati akakwiya, kamera ubweze, uzikagulitsa usipa." Kenaka anaseka. "Ojambula oyamba ku America ankapukusa kamera ndi dzanja, mawu kunalibe, koma anthu ankadzaza holo. Nkhope ukaijambula pafupi imayankhula yokha."

Kuyankhula n'kosavuta. Iwo anali kushopu, iye ndi amene bwalo lonse linkamuyang'ana.

Kenaka nkhope ya mkwati inadzaza kanema yense, thukuta lili kamukamu, diso likuba kumene kunali miphika.

"Eee, taonani!" anadzuka a Zangaphee, azakhali a mkwatibwi. "Apa akuti, 'Ndavomera, ndavomera, fulumirani ashehe, mpunga ukuzizira!'"

Bwalo linagwa ndi phwete. Wina anatenga mawu a ashehe, wina a ankhoswe, aliyense kunamizira mnzake. Gule atafika pakanema, amayi sanadikire. Anaiyamba nyimbo ya guleyo, m'manja pha pha pha, mapazi a pakanema n'kumagwera pomwepo. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu! Tione, mtima uli phaphapha ndi chimwemwe, anasolola foni n'kuyamba kujambula mawuwo.

A Sadick okha sankaseka.

"Mawu a ukwati wa mwana wanga wawataya kuti?"

"Mwera, bambo. Pepani."

A Sadick asanayankhe, pakanema inatulukira nkhope yawo yomwe, akupukuta m'maso ndi kofia, akuganiza kuti palibe akuwaona.

"Aaa! Ndinalira ine?"

"Munalira!" linayankha bwalo lonse.

Anakhala pansi pang'onopang'ono, ndodo pamiyendo, maso osachoka pakanema.

"Tabwezera pomwepo," anatero motsitsa. "Ndipo mng'ono wake akwatiwa Okutobala. Tsikulo usapatse wina."