Kamtima ka Abwana pa Foni ya Bambo

Bambo anga amadwala impso moti miyendo imawatupa, ndipo tsiku lokaonana ndi dokotala amasungitsa pa intaneti. Tsamba lachipatalalo tinapanga ndife, kuntchito kwathu. Koma iwo akangoyamba kulemba dzina pa foni yawo, tsamba linkauma gwa! Likamatsitsimuka, malo atenga kale ena.

"Mwanawe, ndiye kumeneko mumagwira ntchito yanji?" anandifunsa. Zinandiwawa kwabasi.

Ku ofesi ndinauza mnzanga amene timamutcha Magalasi. Anatsegula tsambalo pa laputopu yake yatsopano.

"Kwanga kuno likuthamangatu, achemwali."

Lilekerenji kuthamanga? Ife timayesera pa makina amphamvu, pomwe odwala ali ndi timafoni totheratu.

M'mawa mwake ndinabwereka foni ya bambo n'kuilumikiza ndi chingwe ku kompyuta yanga. Ndinatsegula chida choyezera nthawi imene tsamba limatenga pojambula zinthu pa sikirini, kenako n'kulemba dzina mwapang'onopang'ono monga amalembera iwo. Mayo ine, mizere yofiira yosonyeza kuchedwa mbwee! Ndikadina chilembo chimodzi, tsamba linkajambulanso mayina a madokotala onse. Ndinakonza zimenezo. Kuyezanso, kufiira kudakalipo. Ndinati lero tionana, chakudya chamasana chidikire.

Ndinatsata mzere wautali kuposa yonse mpaka ndinam'gwira wolakwa: kamtima kokongoletsera kamene kamagunda pamwamba pa tsamba. Kankadya mphamvu yonse ya foni. Tsono kamtimako anasankha okha ndi abwana.

"Ayi, sikachoka," anatero abwana nditawaonetsa. "Anthu amakakonda."

Sindinatsutse. Ndinangowapatsira foni ija m'manja.

"Bwana, Lachisanu kwangotseguka malo amodzi. Asungitsireni bambo anga."

Anaseka, nadina chilembo choyamba. Zii. Anadinanso mwamphamvu, kenako n'kupukuta sikirini pa malaya ngati vuto ndi fumbi. Magalasi anasiya kutafuna chingamu. Kamtima kokha n'kamene kankagunda, modukizadukiza. Tsamba litatsitsimuka, malo a Lachisanu anali atapita, tonse tikuona.

"Ndiye achikulirewo aonana liti ndi dokotala?" anafunsa abwana chapansipansi.

"Mwezi wamawa."

"Kachotseni."

Ndinakachotsa asanatseke pakamwa. Ndinayezanso, kufiira kunatha psiti, ndipo zilembo zinkatuluka chala chisanachoke pa batani. Kenako ndinanyamula chikwama changa kupita kukauza bambo kuti apirirebe ndi miyendo yawo yotupayo mpaka mwezi wamawa.