Elube Akana Kumasulira

Chaka chimene boma linkasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, nyuzipepala ina inatsegula ofesi ku City Centre, m'nyumba yonunkhabe penti, pakati pa tchire ndi milu ya njerwa. Mwa atolankhani ake munali Elube Nasoni, mtsikana wa ku Old Town, amene mayi ake ankagulitsa nyemba mumsika. Iyeyu ndiye anapambana mayeso a bungwe lina la ku Jeremani losinthanitsa atolankhani achinyamata: wa kumeneko abwere kuno, wa kuno apite kumeneko.

Wa ku Jeremaniyo, mtsikana dzina lake Ursula, anafikadi. Anampezera chipinda ku Area 9 n'kumupatsanso tebulo la Elube. Koma za ulendo wa Elube kunangoti zii. Akafunsa, mkonzi wamkulu, a Nebert Goliati, ankati zikukonzedwa, pakadali pano aziperekeza mlendoyo ndi kumumasulira. Motero Elube ankayenda naye m'fumbi la mathirakitala, kwa amisiri omanga maofesi a boma, kwa anthu amene midzi yawo inasamutsidwa. Nkhani zinkatuluka ndi dzina la Ursula.

Tsiku lina akudya chinangwa chootcha pafupi ndi mlatho wa Lilongwe, Ursula anafunsa mwachifundo ngati chifuwa chija chayamba kuleka. Elube anadabwa, chifukwa sanakhosomolepo chaka chonsecho. Ursula anafotokoza kuti bungwe linauzidwa kuti Elube akudwala chifuwa chachikulu, sangayende, ndipo malo ake kumeneko akungomudikira.

Masana omwewo Elube analowa mu ofesi ya a Goliati osagogoda. Iwo sanakane kuti ndiwo ananamiza bungwelo. Anati mlendo sadziwa Chichewa ndipo palibe wina woyenda naye. Anawonjezanso kuti mtsikana wosakwatiwa akapita kunja amabwerako ndi mathalauzi ndi mwano basi.

"Ndamva, bwana," anatero Elube. "Poti mwanena kuti ndikudwala, ndikudwaladi. Wachifuwa sayankhula."

Kuyambira m'mawa mwake ankafika pantchito nthawi yabwino, n'kukwera galimoto limodzi ndi Ursula, koma pakamwa ali tseke. Ku Area 47, kumene ankalambula misewu, mlonda wina wachikulire anafotokoza nthawi yaitali mmene munda wake unasandukira poimika magalimoto a simenti. Ursula anatembenukira kwa Elube, cholembera chili m'manja. Elube anayamika bamboyo mwaulemu m'Chichewa, n'kungoima.

Ursula anapsa mtima. Pobwerera anati iye sanalakwe kanthu, ndipo nyuzipepala yakwawo ikudikira nkhani. Elube anavomera kuti sanalakwedi, koma anamuuza kuti womasulira akamupeza kwa a Goliati.

A Goliati anaopseza Elube kuti amuchotsa ntchito. Anzake mu ofesi anamunong'oneza kuti masiku amenewo munthu wamakani sankakhalitsa, angogonja. Mayi ake nawo anamuchonderera kuti ntchito ya mu ofesi sasewera nayo, ana a anthu akuisaka usana ndi usiku. Elube ankachita mantha ndithu. Masiku ena ankafika pakhomo la ofesi akuganiza kuti apeza dzina lake litachotsedwa. Komabe sanamasulire ngakhale moni.

Nkhani zake zitasiya kufika kwawo, Ursula anapita yekha ku positi ofesi n'kuimbira foni a bungwe lija, ndipo anawauza zonse. Yankho lawo linali lalifupi: Elube anyamuke, apo ayi Ursula abwerere, ndipo nyuzipepala ya a Goliati isadzapemphenso mlendo wina.

A Goliati anamuitana Elube. Anasaina chilolezo cha ulendo osamuyang'ana, kenaka anati: "Ukadzabwerako usadzafike pano. Mpando wako ndikupatsa wina."

"Munaupereka kale," anayankha Elube.

Potuluka anakapeza Ursula ndipo anakhala naye mpaka dzuwa kupendeka, akumumasulira zonse zimene mlonda wa ku Area 47 ananena, chifukwa anali atazisunga pamtima. Anangopempha kuti pankhaniyo palembedwe maina awiri, lake ndi la Ursula.

Loweruka lotsatira anakwera basi ya ku Blantyre kukakwera ndege. Mayi ake anali asanamukhululukire za ntchito, koma anasiya nyemba zawo ndi mnzawo wa pamsika n'kumuperekeza mpaka kudepoti, akumukalipira njira yonse chifukwa chosagula juzi yokhuthala.