Mlembi Anasiya Madzi Akuyenda

Yotamu, amene ankagawa madzi m'minda ya mpunga ku Hara, anabwereka buku lachingerezi kwa aphunzitsi a Gideon, ochokera ku Dedza. Linali lonenepa ngati njerwa, lonena za mafumu asanu olimbirana mtsinje umodzi, ndi chinjoka chamapiko chogona pa gwero lake. Za mtsinjezo n'zimene zinamugwira mtima. Analiwerenga miyezi iwiri atakhala m'mbali mwa ngalande, uku akudabwa kuti asilikali onsewo ankadya chiyani poti m'bukumo munalibe wogwira khasu.

Tsiku lina anatulukira kusukulu atakwiya, buku lili m'manja.

"Aphunzitsi, ndani anathothola masamba omaliza? Anthu a kuno ndimawadziwa, anapichira fodya! Mwana wamkazi wa mfumu wangotsegula kumene damu, madzi akulowera kumudzi, basi buku latha."

A Gideon anaseka. "Palibe anang'amba, a Yotamu. Ili ndi loyamba chabe, alipo ena anayi."

"Ali kuti?"

"Kaya, mwina ku Ulaya. Ine ndinangopeza lokhali pamsika ku Limbe. Koma lakukomerani?"

Yotamu anatsegulanso tsamba lomalizalo, nalipenda uku ndi uku ngati kuseri kwake kungabisale lina.

"Kukoma lakoma, chinjoka chija ndachilota kawiri. Nanga mudzi uja uzingomira mpaka liti? Mlembi ameneyu asadzayerekeze kubwera ku Hara. Kuno munthu wotsegula madzi n'kuchokapo osatseka timamulanda munda."