Chizungu cha a Bonface

Alamu anga a Esteri anatsika pa kabaza kuchokera ku Muloza, kapulana wawo, chitenje cha ku Milange, ali petupetu ndi mphepo, ndipo nditangowaona ndinadziwa kuti abwerera ndewu. Ine ndewu sindithawa. Chibwerere mchimwene wawo, a Bonface, kudzamanga nane banja pamudzi pathu, ine ndi mayi amenewa timajomphana ngati nkhuku ziwiri pa lichero limodzi, ndipo ndisaname, zimandikomera.

Koma ulendo uno nkhani inali yolemera. A Bonface anagwa pakhonde mvula isanayambe, mkono ndi mwendo wakumanja zinafa, pakamwa panapotoka. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Chichokere kumeneko sanatulutse liwu ndi limodzi lomwe. Ukawaitana ankangokuyang'ana. Tsono kwathu kuno mkamwini akafika pamenepo abale ake amabwera kudzamutenga, akuti munthu asafere kuchikamwini. A Esteri anabwerera zimenezo, galimoto atapangana nayo kale kuti ifika dzuwa likapendeka.

Anakhala pamkeka n'kuyamba kuwerengera milandu yanga. Akuti mchimwene wawo waonda, akuti ndikumumwetsa phala lamadzimadzi, akuti mwina ndinamudyetsa kanthu kalekale. Ine ndinawakumbutsa kuti amuna awo awiri onse anathawa, wina anasiya ndi nsapato zomwe, pamene wanga anakhala nane miyendo ikadali yabwinobwino. Iwo anati pakamwa pangapa ndi pamene panamaliza mawu onse a m'nyumba muno, mchimwene wawo sanatsalirwe ndi limodzi. Imeneyo anaponya bwino, inandilowa. Kenako anatsitsa mawu.

"Alamu, munthuyu sakudziwanso pamene ali. Akananena yekha kuti ndikhala, ndikanamusiya. Koma anene ndi chiyani?"



Mwana wanga Dyna amathyola tiyi ku esiteti, ndipo ndi ukulu wakewo, ana awiri kumbuyo, anabwerera kusukulu kuti akalembenso mayeso a Fomu 4. Tsikulo anali pakhonde pomwepo, akusisita mkono wa bambo ake ndi mafuta monga anatiuzira kuchipatala, uku akuloweza Chizungu mokweza kuti asamve phokoso lathu. Akuti aphunzitsi anawapatsa mawu amene onse ali ndi zilembo ziwiri zofanana, e ndi a, zitagundizana. Ine zilembo sindizidziwa, kwa ine zonse ndi mapazi a nkhuku pamatope, koma khutu ndili nalo. Ankati tea, tiyi. Leaf, tsamba. Meat, nyama. Heat, kutentha. Liwu patsogolo, tanthauzo pambuyo, ngati munthu akusinja.

Anafika pa steam n'kuima, tanthauzo lamuthawa. Anabwereza, steam, steam, akukanda m'mutu.

"Steam."

Limenelo silinali liwu la Dyna. Linali lokhuthala, lokokedwa, ngati chitseko chimene chakhala nthawi osatsegulidwa. Tonse tinacheuka. A Bonface anali atakweza dzanja lawo lamoyolo, zala zikukwera m'mwamba pang'onopang'ono, monga imakwerera nthunzi pa ketulo. Dyna ananong'ona kuti nthunzi, eya, nthunzi. Iwo anagwedeza mutu.

Kenako anapitiriza okha, palibe wowauza. Bread. Anapuma. Cream. Peas. Beans. Thukuta lili pamphumi ngati akusenza thumba la feteleza, koma liwu lililonse linkatuluka lathunthu. Dyna ankatimasulira: buledi, mafuta a mkaka, nsawawa, nyemba. Ndipo anati onsewo ndi a mtundu womwewo, zilembo ziwiri zija zilimo. Ndiye kuti masiku onsewa, ife tikuwakambirana pamaso pawo ngati mtolo wa nkhuni, munthu anali m'katimo, akumva, akusankha mawu ngati mayi wosankha nyemba.

 Pa unyamata wawo a Bonface ankaphika kunyumba kwa mzungu wina wa ku esiteti, zimenezo ndinkadziwa, koma Chizungucho ankachivula pageti limodzi ndi epuloni. Ine ndabereka nawo ana, ndaika nawo maliro, ndawatukwana m'Chichewa ndi m'Chilomwe momwe, osadziwa kuti pansi pa zonsezo pali chitsime china. Matenda anatseka zitseko zonse zimene ndinkazidziwa n'kusiya chimodzi chimene sindinachionepo. Mulungu ameneyu, abale, ntchito zake n'zoopsa.

A Esteri anakwawa ndi maondo mpaka pamapazi pawo. Anawaitana m'Chilomwe, dzina la paubwana, n'kuwafunsa ngati akufuna kupita kwawo. A Bonface anatsegula pakamwa, anavutika, misozi inatsika, osatuluka kanthu.  A Esteri anandiyang'ana, nkhope ikunena kuti mwaonatu.

Dyna anagwira bambo ake chibwano kuti amuyang'ane. Anatiuza kaye kuti pa mawu ake aja palinso lina, leave, ndiye kuti kuchoka, kuti azakhali ake asadzati tawabera. Kenako anawafunsa pang'onopang'ono m'Chizungu, akuloza msewu wa ku Muloza.

"Baba, leave?"

 

"No," anatero a Bonface. Anamenya mkeka ndi chikhatho kawiri. "No leave."

Limenelo ngakhale ine sindinafune womasulira.

A Esteri atadzuka anapukuta m'maso ndi kapulana, anatulutsa foni pachifuwa n'kuuza wagalimoto kuti asavutike. Kenako anandiuza kuti iwo sachoka sabata ino, akufuna aone ndi maso awo phala limene ndikuphera nalo mchimwene wawo. Tsiku lina ndikanawayankha mpaka akanakwera kabaza chammbuyo. Koma ndinangowalozera pamene pali ufa, ine n'kukhala pansi pafupi ndi mwendo wakufawo, Dyna akutchula liwu, bambo ake akulandira, ine ndikumvetsera mwamuna wanga akuyankhula zimene sindikuzimva.