Tiyi wa a Dunstan

Bronwyn ankaphunzira madigiri awiri nthawi imodzi ku Melbourne, ya za ukalamba ndi ya kayendetsedwe ka zipatala. M'mawa ankamuphunzitsa kuti kusungulumwa kumapha okalamba. Masana ankamuuza kuti bwana wabwino salola dandaulo kugona. Kalasi iliyonse inkamuyesa mlendo wochokera ku kalasi inayo, moti masangweji ake ankadyera m'galimoto yekhayekha.

Atamutumiza kukaphunzira ntchito kunyumba yosungirako okalamba ku Ballarat, anapezako a Dunstan, omwe kale ankameta nkhosa. Madzulo aliwonse ankaliza belu loitanira anamwino.

"Tiyi ameneyu mwatunga kudamu la nkhosa? Wazizira ngati mphuno ya galu."

"Inunso mumachita kumunyambita ngati mphaka, alekerenji kuzizira?" namwino ankawayankha, n'kukafunditsa tiyiyo uku akuseka.

Bronwyn zinamunyansa. Dandaulo lomwelomwelo tsiku ndi tsiku, anthu n'kumangoseka? Anagula fulasiki n'kuwaikira pambali pa bedi. Belu linasiya kulira, ndipo aphunzitsi ake a masana aja anamuyamikira kwambiri.

Patapita milungu ingapo anasuzumira m'chipinda cha a Dunstan. A Dunstan anali khale, maso ali pakhomo, ataonda. Fulasiki inali yodzaza.

"Tiyi ali bwanji masiku ano, a Dunstan?"

"Ngotentha, mwanawe. Ngotentha kwabasi." Anasisita belu ndi chala. "Nanga tsopano ndiwaitanire chiyani?"

Bronwyn anathira tiyi m'makapu awiri n'kukoka mpando. Onse awiri anakhala pamodzi, kudikira kuti tiyiyo azizire.