Apongozi Kuseri kwa Katani

Clifton anagwa pa kabaza wa njinga yamoto pafupi ndi msika wa Limbe, mutu n'kumenyetsa pa konkire ya ngalande. Chipewa choteteza mutu chinalipo chimodzi, ndipo anavala ndi woyendetsa. Atatuluka m'chipatala, dzanja lamanja linali lofumbata ngati wabisamo kanthu, mwendo ankachita kuukoka, ndipo mawu onse anali atamuthawa. Munthu amene ankakuwa kuposa makina ake owotcherera zitsulo ku Mbayani, tsopano akafuna madzi ankangoti "a, a," uku akuloza ndi mlomo.

Mkazi wake Dailesi ankagulitsa m'sitolo ya nsalu ku Limbe. Tchuthi chimene anapempha chinatha, ndipo ntchitoyo ndi yokhayo inatsala yodyetsa pakhomo. Choncho anaitanitsa amayi ake, a Ursula, kuchokera ku Bangula kuti azikhala ndi wodwala masana kunyumba kwawo ku Chilobwe.

Anaitana munthu wakhama, koma anaiwala kuti a Ursula kwa Clifton ndi apongozi. Chikwatirire mwana wawo, awiriwa anali asanayang'anizanepo m'maso. Akakumana panjira, wina ankapatukira kumbali. Moni ankapatsana atafulatirana, ngati aliyense akulonjera khoma lake. Sichinali chidani ayi. Ankakondana kwambiri, ndipo ulemu wakwawo unali umenewo. Mu Blantyre ambiri anazisiya kalekale zimenezi, koma a Ursula ankati kukhala m'tauni si chilolezo chochitira mwano.

Kuchipatala kunali a Patricia, amene amaphunzitsa odwala otere kuyankhulanso. Iwo anamupatsa Dailesi ntchito ya kunyumba: mawu afupiafupi, tsiku lililonse, m'mawa ndi masana wodwala asanatope. Anachenjezanso kuti miyezi yoyambirira ndiyo yofunika kwambiri, ikangopita pachabe mawu adzavuta kubwerera. Dailesi ankafika kunyumba kutada, Clifton akusinza kale, motero ntchito yonseyo inagwera amayi ake.

A Ursula sanajombe tsiku n'limodzi lomwe. Dailesi ankamusambitsa mwamuna wake, kumukhazika pampando pabalaza, ndodo pambali, n'kuthamangira minibasi. Iwo ankayala mphasa kukhitchini, kuseri kwa katani wa pakhomo, n'kuyamba sukulu yawo.

"Madzi! Nenani, bambo. Madzi!"

"A, a."

"Sizinamveke. Madzi!"

Anthu oyandikana nawo ndiwo anaphunzira bwino. Tsiku lina mayi wa nyumba ya kuseri anabwera ndi chigubu chodzadza, poganiza kuti mpopi wawo wauma.

Za kuyenda zokha zinkatheka, chifukwa mwambo suletsa kuyang'ana mapazi a mkamwini. A Ursula anandandalika mipando kuchokera pabalaza mpaka pakhomo lotulukira kuti Clifton azitsamira. Akamayenda, iwo ankasuzumira pansi pa katani n'kumakalipira phazi lamanja ngati mwana waulesi: "Nyamulani limenelo, musakwekwese!" Chakudya ankachikankhira pakatebulo kuchokera kumbuyo kwa mpando, nkhope atalozetsa kudenga.

Litafika tsiku lokaonedwanso, Clifton analowa m'chipinda cha a Patricia ndi ndodo yokha, osagwiridwa. Koma atamufunsa dzina, anangotulutsa "a, a" wake uja, kenako anayang'ana pansi.

"Kunyumba mukuchita zija?" a Patricia anafunsa Dailesi.

"Tsiku lililonse. Amayi safuna zocheza."

"Nanga akamaona pakamwa pa amayiwo, amayesera kutsanzira?"

Dailesi anafotokoza za katani. A Patricia anagwira pakamwa kwa kanthawi, osadziwa kuti aseke kapena akalipe.

"Mayi, khutu lokha silingakwanitse. Bambowa akuyenera kuona milomo mmene ikutsekera, lilime pamene likugunda, nkhope kwa nkhope, pafupi. Ine ndimayesa n'zodziwikiratu. Nthawi yatipitirira kale, musataye ina."

Madzulo ake Dailesi anawapeza amayi ake kuseri kwa nyumba akuchapa malaya a wodwala, ndipo anawauza zonse.

"Ukuti ndikakhale pamaso pa mwamuna wako, ndimuyasamulire kukamwa, andione lilime?"

"Eya, amayi."

"Iwe wapenga. Kumudzi akamva ndikayenda bwanji?"

"Kumudzi kulibe amene akumupukuta dovu. Ngati simungathe, nenani, ndisiye ntchito ine. Tizidya ulemu womwewo."

A Ursula anafinya malaya aja mpaka zala kuyera. Zinawapweteka, makamaka chifukwa khama lawo lonse lija ndi limene linamuchedwetsa munthu. Anakumbukira mmene ankafuulira mpaka mawu kusasa, mwini wake ali yekha pabalaza, akuyang'ana maluwa a pa katani.

Kutacha, Dailesi atapita, a Ursula anasamba, kumanga duku, n'kuvala chitenje chawo cha kutchalitchi, ngati akupita kukaonekera pa mlandu. Anaima kuseri kwa katani nthawi yaitali ndithu. Kenako anamukokera kumbali, natenga kampando, nakakhala patsogolo penipeni pa mkamwini wawo.

Aka kanali koyamba kumuona bwinobwino. Sankadziwa kuti ali ndi imvi m'ndevu, kapena kuti chipsera cha opaleshoni chafika mpaka pamwamba pa khutu. Mlomo unali utapendekera kumanja. Anamumvera chisoni, komanso manyazi anawagwira mpaka thukuta kumsana.

Clifton anadzidzimuka. Ngozi inali itamulanda dzina lake lomwe, koma ulemu wa kwa apongozi wokha sinamulande: anatembenuzira nkhope kukhoma msangamsanga, n'kudziphimba ndi dzanja lamanzere.

"Yang'anani kuno, bambo," anatero a Ursula. "Adokotala ndiwo alamula. Onani milomo yangayi. Madzi."

Iye anatsinzina zolimba. Anafufuza ndodo kuti adzuke awapatse malo, koma ndodoyo inaterereka n'kugwa pansi. A Ursula anaikankhira kutali ndi phazi. Anakokera kampando pafupi, natambasula dzanja, namugwira chibwano kuti amutembenuze.

Khosi la Clifton linauma. Milomo inagwedera, mitsempha ya pachipumi inatukuka, ndipo mawu anatuluka okhakhala ngati chitseko cha dzimbiri.

"A... ayi. Ayi, amayi."

Dzanja la a Ursula linali likadali pachibwano. Anasangalala kwambiri moti anafuna kululutira, koma anadzigwira.

"Mwati chiyani? Sindinamve."

Misozi inkatuluka m'maso a Clifton otsinzinawo. A Ursula anamuyang'ana pang'ono, kenako anakoka kampando kaja mpaka mawondo awo anagundana.

"Ayi, amayi!"

"Eya," anatero a Ursula, osamusiya chibwano. "Bwerezaninso."